Masewera a nthano ndi ana anu akamathera m'misozi

Dayisi itakana kachitatu motsatizana, mwana wanga wamng'ono anaikankha ndi kuseri kwa dzanja mpaka inakagwera pansi pa mtondo. Sanalankhule kanthu. Anadzuka pamphasa n'kukakhala pa sitepe ya khonde atatifulatira, mapewa akugwedezeka. Achemwali ake anandiyang'ana n'kunena kuti, "Adadi, musiyeni ameneyo, tipitirize tokha." Wapakati anali atayamba kale kutafuna mtedza umene tinkawerengera moyo wa ngwazi zawo. Pamiyendo panga panali kope lokhala ndi mapu a phanga amene ndinajambula dzulo lake usiku, ndipo m'phangamo tinali tisanalowe n'komwe. Tinali titangosewera mphindi 20.

Kwa amene simunawaonepo masewerawa, ndi nthano yokamba anthu angapo pamodzi. Mmodzi amatsogolera: amafotokoza malo, amalankhulira anthu ndi nyama za m'nkhanimo, ndiponso amaweruza. Ena onse aliyense ali ndi ngwazi yake ndipo amanena chimene ngwaziyo ikuchita. Pakakhala kuti sizikudziwika ngati zitheka, amaponya dayisi. Otchuka kwambiri ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Anaphuka kuchokera ku masewera a nkhondo a tizidole ta asilikali, oseweredwa ndi akuluakulu okonda kuwerengetsa ndiponso ozolowera kugonja. Chiyambi chimenechi muchisunge m'mutu, chifukwa mavuto ambiri amene mungakumane nawo pamphasa achokera kumeneko.

Ife tinakulira pa "Padangokhala" ndi "Tilitonse". M'nthano ya agogo, ntchito ya womvera ndi kuvomera ndi kuimba nawo nyimbo. Kalulu apulumuka ndithu, mufune musafune. Koma muno mwana ndiye Kaluluyo, ndipo dayisi ikhoza kumukana pamaso pa abale ake. Kusiyana kwake n'komweko, kukoma kwake kuli pomwepo, misozi nayonso imachokera pomwepo.

Zitachitika kangapo, ndinayamba kulemba kuseri kwa kope zinthu ziwiri zokha: masewera afa patapita mphindi zingati, ndipo chinachitika n'chiyani asanafe. Nanunso yambani ndi chimenecho musanasinthe kanthu. Ine ndinkaganiza kuti ana anga ndi osapirira. Kope linandionetsa kuti kawirikawiri cholakwika chinali mbali yanga, ndipo chinkabwera m'njira zomwezomwezo.

Dayisi ikakana

Pano ndikhalitsa, chifukwa ndi pamene pamagwera misozi yambiri.

Werengetsani pang'ono. Ngati mwanena kuti 4, 5 kapena 6 ndiye kupambana, mwana alephera kamodzi pa maulendo awiri. Kulephera katatu motsatizana kumabwera kamodzi pa maulendo 8. Ana atatu akamaponya madzulo onse, zimenezi zimugwera wina ndithu, si tsoka lachilendo ayi. Ndipo mwana wa zaka 5 samva zoti ndi mwayi chabe. Iye amamva kuti ndi wolephera, pamene achemwali ake zikuwayendera.

Choyamba chimene ndinasiya ndi kuponyetsa dayisi pa chilichonse. Kukwera mumtengo wa mango, kutsegula chitseko chosakhoma, kufunsa njira kwa mayi wogulitsa zitumbuwa, zonsezi zingochitika. Muziponyetsa pokhapokha pamene kulephera kungabweretse chinthu chokoma kuchimva. Musanapereke dayisi m'manja mwa mwana, dzifunseni mumtima kuti, ikakana ndinena chiyani? Ngati yankho lanu ndi lakuti "walephera, wina ayese", musaponyetse.

Mawu akuti "walephera" ndi amene amapha masewera, chifukwa pambuyo pake palibe chotsatira. Mwana wadikira nthawi yake, waganiza chochita, waponya, ndipo dziko la m'nthano silinasunthe ngakhale pang'ono. Tsono dayisi ikakana, nkhani iziyendabe. Amafuna kudumpha mtsinje, yagwa pa 2? Wagwera m'madzi, madzi amukokera kumunsi, ndipo ali m'bango muja waona bwato lobisika. Amafuna kulasa fisi ndi legeni? Mwala waphonya n'kukamenya chisa cha mavu, tsopano fisi ndi ngwazi zonse zikuthawira kumodzi. Mwanayo zamuvutadi, wanyowa, walumidwa, koma ndi iye amene wachititsa chinthu chachikulu madzulo amenewo, ndipo enawo akuseka naye pamodzi osati kumuseka.

Kenako ndinasintha kaponyedwe. Madayisi awiri a Ludo ndi okwanira. Mwana aponye onse awiri n'kuphatikiza. Ikakwana 10 kapena kuposa, zatheka bwinobwino. Kuyambira 7 mpaka 9, zatheka koma pali mtengo wake: wadumphadi mtsinje koma chikwama chagwera m'madzi. Ikakhala 6 kutsika pansi, zavuta ndipo pabuka china. Kaponyedwe aka si kanga, kali m'masewera ambiri a masiku ano, ndipo ubwino wake uli pa manambala. Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Mwa zimenezi 15 ndi zovuta, 15 ndi zapakati, 6 ndi zabwino kwambiri. Mukalola mwana kuwonjezera 2 pa chinthu chimene ngwazi yake imadziwa bwino, zovuta zimatsika kufika pa 6 zokha. Ndiye kuti mlenje akamalasa, kapena wothamanga akamathawa, dayisi imukana kamodzi pa maulendo 6. Kwa mwana wamng'ono mpamene pali bwino. Komanso amaphunzira kuphatikiza osadziwa, ngakhale sindikulangizani kuti mumuuze zimenezo.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kanatithandiza kwambiri. Dayisi ikakana, mwanayo amalandira chitsekerero cha botolo. Akasunga chitsekererocho akhoza kudzachibweza nthawi ina kuti aponyenso, kapena kupatsa mbale wake amene zamuvuta. Tsopano wolephera amakhala ndi kanthu m'manja. Ndinaonapo wamng'ono uja akukankhira zitsekerero zake ziwiri kwa achemwali ake pamene chimphona chinawagwira mwendo, nkhope yake ili ngati ya munthu wamkulu.

Musabere dayisi. Mtima wa kholo umafuna kuponyera kuseri kwa kope n'kunena kuti "eee, chilombo chaphonya". Ana amaona. Akangozindikira kamodzi, kupambana kwawo konse kumasukuluka, ndipo wamkulu ayamba kunena kuti mumakondera wamng'ono. Ponyani poyera pakati pa mphasa. Ngati mukuopa kuti dayisi ikhoza kubweretsa chinthu choopsa kwambiri, chichotseni m'malamulo musanayambe. Kwathu ngwazi sizifa. Mtedza ukatha, ngwazi yakomoka, yagwidwa kapena yataya chinthu chimene imakonda, ndipo enawo ayenera kuipulumutsa. Ngati mukugwiritsa ntchito malamulo a Dungeons & Dragons mmene alili, dziwani kuti ngwazi yongoyamba kumene, makamaka yamatsenga, ikhoza kugwa itamenyedwa kawiri kokha. Munthu wamkulu amangopanga ina. Mwana amene wajambula ngwazi yake ndi makrayoni, n'kuipatsa dzina ndi galu, sangapange ina.

"Ndikumubaya!"

Wapakati wanga, wa zaka 8, anali ndi yankho limodzi pa chilichonse. Mlonda wa pachipata, ndikumubaya. Nkhalamba yopempha madzi, ndikumubaya. Ndinada nkhawa mpaka ndinakambirana ndi mayi awo, ndiye iwo anangotenga pepala la ngwazi yake n'kundifunsa kuti palembedwa chiyani. Panali lupanga, mkondo, chishango ndi nambala ya mphamvu. Panalibe china. Ndinali nditamupatsa zida zokhazokha, ndipo nthawi yokha imene ankagwira dayisi inali pomenyana. Mwana amafuna kugwira dayisi. Ngati njira yofikira ku dayisi ndi lupanga, asolola lupanga.

Tsono lembani zinthu zina papepalapo: chingwe, chitoliro, thumba la chiponde, luso lonyengerera, luso loseketsa anthu. Muziponyetsa dayisi ponyengerera mlonda mofanana ndi pomenyana naye. Ndipo chilombo chilichonse chizifuna kanthu, chizilankhula chisanaukire. Chimphona cha pa mlatho chikuletsa anthu kudutsa chifukwa dzino likuchiwawa ndipo mapazi a anthu akuchisokosera. Fisi akuba mbuzi chifukwa ana ake ali ndi njala. Ndewu ikayamba, zilombo zizithawa kapena kupepesa zikaona kuti zavuta, zisamamenyane mpaka kufa. M'masewera ambiri otchuka ngwazi imakula mphamvu makamaka pogonjetsa zilombo, ndipo mwana sachedwa kuzindikira zimenezi. Inu muzipereka mphotho vuto likatha, kaya latha ndi lupanga kaya ndi chiponde.

Akabayabe mlonda uja, musakalipe, musalalikire. Lolani zotsatira zibwere mwachibadwa, koma zikhale zazing'ono ndiponso zokonzeka. Mawa lake wogulitsa buledi akukana kumugulitsa chifukwa mlondayo ndi mlamu wake. Walira mvula walira matope. Koma musiyireni khomo lopepesera, chifukwa mwana amene watsekeredwa pakona amangobaya wina.

Wamkulu akamalankhulira wamng'ono

Vuto ili limabisala, chifukwa masewera amaoneka ngati akuyenda bwino. Wa zaka 11 amaganiza msanga, amadziwa malamulo, ndipo mukangofunsa wamng'ono kuti "ukutani?" iye wayankha kale kuti "akubisala kuseri kwa mwala". Wamng'onoyo amangogwedeza mutu. Pakapita mphindi zingapo mumuona akugubuduza galimoto yake yamawaya, ndipo mumaganiza kuti watopa. Sanatope ayi, walandidwa ngwazi.

Ife tinabwereka mthiko kukhitchini. Wagwira mthiko ndiye alankhula, ena onse chete, ndipo umayambira kwa wamng'ono. Wina akafuna kupereka nzeru ayambe wapempha kwa wogwira mthikoyo, ndipo iye ali ndi ufulu wokana. Inu mukafunsa, dikirani. Werengani mumtima mpaka 10. Chete ameneyu amatalika kwa munthu wamkulu, koma mwana wamng'ono amakhala akumanga chiganizo chake.

Kafunsidwe kazisiyana. Wamkulu mufunseni funso lotseguka: uchita chiyani? Wamng'ono mupatseni njira ziwiri ndi khomo lachitatu: ukwera mumtengo, ulankhula ndi nyaniyo, kapena uli ndi ganizo lina? Komanso ngwazi iliyonse ikhale ndi chinthu chimene ndi yokhayo ingachite. Ya wamng'ono wanga imamva chinenero cha nyama. Ndiye madzulo aliwonse ndimaikamo mbalame, buluzi kapena khoswe wodziwa chinsinsi, ndipo achemwali ake ndi achimwene ake amayenera kutembenukira kwa iye n'kumupempha kuti akafunse. Mukanaona mmene amakhalira tsonga nthawi imeneyo.

Wamkulunso musamuiwale, chifukwa kulankhulira ena kuja nthawi zambiri n'kusowa chochita. Mpatseni ntchito yeniyeni. Ajambule mapu pamene ulendo ukuyenda, asunge kope la chuma, alankhulire mfumu ya achule. Wanga tsopano amatsogolera yekha masiku ena, ine n'kukhala ndi ngwazi yanga ngati wina aliyense.

Za kumenyana okhaokha, lamulo ndi limodzi ndipo silisintha: dayisi siponyedwa polimbana ndi m'bale wako. Mkangano wa kuchipinda wa dzulo umalowa m'nthano mosavuta, ndipo dayisi ikangoweruza pakati pa abale awiri, wogonjayo sakhululuka. Chuma nachonso musachiike mulu umodzi. M'bokosi muzikhala zinthu zitatu ngati ana ndi atatu, chilichonse chooneka mwini wake.

Akasiya phanga lanu n'kutsata mbuzi

Ndinakonzapo ulendo wa masamba 6, wokhala ndi mfumu yolandidwa ufumu ndi chinjoka cha m'phiri. Pofotokoza msika ndinangotchula kuti pali mbuzi yomangidwa pamtengo. Madzulo onse anathera pa mbuziyo. Ya ndani? Bwanji ikulira? Tiigule, tiipatse dzina. Ine ndinkangowakokera kuphiri, iwo akubwerera kwa mbuzi, mpaka tonse tinakwiya.

Ana akagwira chinthu m'nkhani, chimenecho ndicho nkhani. Mbuziyo ikanatha kukhala ya mfumu ija, ikanatha kudziwa njira ya kuphiri. Chilichonse chimene munabisa m'phanga mukhoza kuchinyamula n'kuchiika kumene ana apita, iwo sadziwa kuti chinali kwina. Masiku ano ndimakonza mizere itatu basi: malo amodzi, wina wofuna kanthu, ndi chimene chikumulepheretsa. Zotsala ndimafunsa iwo. Mlathowu wapangidwa ndi chiyani? N'chifukwa chiyani anthu a m'mudzi uno savala nsapato? Chimene mwana wayankha yekha amachisamala.

Nanga uja amene amati, "Ine ndili ndi ndege, ndangouluka, ndafika"? Musamukanize msanga. Mufunseni kuti ndege ya m'dziko lino imaoneka bwanji. Mwina ndi dengu lonyamulidwa ndi akakowa 20. Chabwino, alipo, koma akakowa amatopa, amafuna nsomba, ndipo amaopa utsi. Mwavomera, ndipo mwapeza vuto latsopano laulere.

Malamulo ndi nthawi

Apa sindichedwapo. Buku la osewera la Dungeons & Dragons la 2014 lili ndi masamba oposa 300, ndipo bokosi loyambira amalemba kuti ndi la zaka 12 kupita m'tsogolo. Mukaima kuti mufufuze lamulo m'buku kapena pafoni, ana apita. Alipo masewera opangidwira ana enieni, monga Hero Kids, amene amagwiritsa ntchito madayisi wamba a mbali 6. Koma pepala limodzi, pensulo, madayisi awiri ndi mtedza zikukwanirani. Madayisi a mbali 20 a Dungeons & Dragons ndi okongola, koma si ofunika. Ngati m'nyumba muli khanda lokwawa, samalani ndi madayisi, mtedza ndi nyemba, chifukwa zimathera m'kamwa kapena m'mphuno.

Kope langa linandiuzanso za nthawi. Wamng'ono wanga amafika mphindi 25 kapena 30, enawo ola limodzi. Akakhuta nsima ya usiku amasinza, asanadye amakangana. Loweruka masana, atamwa tiyi, ndiye nthawi yathu. Ndewu ya m'nthano isapitirire kuzungulira katatu. Mwana akayamba kudzukadzuka mulekeni aonetse ndi thupi mmene ngwazi yake ikukwawira, kukhala pansi si lamulo. Ndipo lekezani akadali kufuna. Chitseko cha phanga chayamba kutseguka, mkati mukumveka kupuma, tsekani kope. Adandaula, koma sabata yonse akhala akukambirana za chitsekocho.

Mantha a usiku, ndi mawu amene timawaopa

Magetsi akazima masewerawa amakoma kwambiri, kandulo ili pakati, zithunzithunzi zikuvina pakhoma. Ndi nthawi yomweyonso imene mungaopseze mwana osadziwa. Mwana wochita mantha sanena kuti akuopa. Amangokhala chete, amasendera kwa mayi ake, kapena amafunsa kuti, "Adadi, zimenezi ziliko zenizeni?" Mukamva funso limenelo yankhani ndi mawu anu a masiku onse, osati a chilombo, ndipo muunikire bwino. Kenako mupatseni mphamvu pa chilombocho. Mufunseni kuti chimaopa chiyani. Wanga anati chimaopa kuyetsemula, ndipo kuyambira pamenepo chinjoka chija chinkathawa ana atatu oyetsemula.

Zilombo musaziike m'malo amene mwana amawadziwa. Osati kuchimbudzi, osati kuseri kwa nyumba, osati panjira ya kusukulu. Iye adzapita kuchimbudziko yekha usiku, inu muli mtulo. Dziko la nthano likhale kutali, kutsidya kwa mapiri opanda dzina. Ngati ana anu, kapena a abale amene abwera kutchuthi, anaona madzi osefukira, monga a namondwe Freddy mu 2023, za Napolo ndi mapiri ogumuka zisalowe m'masewera. Kwa iwo si nthano. Ndimayamba ndi "Padangokhala", iwo n'kuvomera, ndipo pomaliza timaika madayisi m'chitini n'kutseka tonse. Mwana amafuna kudziwa poyambira ndi pothera pa zongopeka.

Pali nkhani ina imene mabuku ochokera kunja sangakuuzeni. Tsiku lina agogo awo anatichezera, ndipo ali pampando anamva mdzukulu wawo akufuula kuti, "Ndikumulodza!" Nkhope yawo inasintha. Sanalankhule pamaso pa ana, koma usiku anandiitana n'kundifunsa kuti, "Kodi bambo, mukuwaphunzitsa chiyani anawa?" Sindinawaone ngati otsalira. Anali ndi chifukwa. Kwathu kuno ufiti si mawu oseweretsa. Anthu, makamaka okalamba, amenyedwapo, awotcheredwa nyumba, ena aphedwa chifukwa chongonenedwa, ndipo mphekesera zoti wakutiwakuti akuphunzitsa ana ufiti tonse tinazimvapo. Tangoganizani mwana wanu akuuza anzake kusukulu kuti adadi amatiphunzitsa matsenga usiku magetsi akazima. Iye akunena za dayisi. Womva sakumva za dayisi.

Tsono mawu ndimasankha. M'masewera athu mulibe mfiti, mulibe kulodza, zithumwa, manda kapena kuuluka pa lichero. Woipa wa m'nkhani sakhala gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, chifukwa sindifuna ana anga azolowere kuyang'ana nkhalamba ndi diso limenelo. Zodabwitsa zilimo ndithu: woimba amene nyimbo yake imagoneka mikango, wosula amene anapanga nsapato zodumpha mitengo, mtsikana amene amapempha mphepo ndipo imamumvera. Gule Wamkulu nayenso sindimulowetsamo ngati chilombo chomenyana nacho. Ndi mwambo wa eni ake, si chidole. Timasewera pakhonde, poyera, ndipo aliyense wodutsa akhoza kuima n'kumvetsera. Agogo aja ndinawapempha kuti akhale nafe Loweruka lotsatira, ndipo analankhulira kamba wanzeru wa pachitsime bwino kuposa mmene ine ndikanachitira.

Nkhawa zotere si zathu zokha. Ku America m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina anatsutsa kwambiri masewerawa, mpaka kope la malamulo la 1989 linachotsa mayina a ziwanda. Ngati chikumbumtima cha banja lanu sichilola zamatsenga zamtundu uliwonse, musakakamize. Mbewa zitatu zimene zikufuna kuwoloka munda wa chimanga muli kadzidzi ndi ulendo wokwanira mwezi wathunthu.

Bambo ndi wotsogolera akasakanikirana

Ichi ndi chovuta kuchivomera, koma n'chimene chimasiyanitsa kusewera ndi ana ako ndi kusewera ndi anzako. Inu amene mukulankhulira chinjoka ndi inu nomwe amene munakalipa m'mawa chifukwa cha mbale zosatsuka. Chiyeso chimabwera choti mulowetse mwambo m'nthano: mudzi umene unawonongeka chifukwa ana ake sankasesa, mfumu imene imafunsa matebulo a masamu isanatsegule chipata. Ana amanunkhiza phunziro patali, ndipo akalinunkhiza amasiya kukhulupirira dziko lonselo. Choipa kwambiri ndi kulanga m'masewera cholakwa cha kunja kwa masewera. Mwana wachita mwano pamphasa, mwadzidzidzi mwala wagwera ngwazi yake. Iye amadziwa kuti si mwala, ndi adadi.

Pakafunika kudzudzula, tsekani kope poyera, nenani kuti taima kaye, lankhulani ngati kholo, nkhani ithe. Mukatsegulanso kope, ngwazi yake ikhale bwinobwino monga inalili. Ndipo tsiku limene mwabwera wotopa kapena mtima uli kwina, nenani zoona kuti lero sitisewera, tisewera mawa. Ana amapirira kudikira kusiyana ndi kusewera ndi munthu amene akungoyang'ana pafoni.

Wina akadzuka kale n'kukakhala pa sitepe

Zonsezi n'zopewera. Koma tsiku lina zidzachitikabe, wina adzakankha dayisi n'kuchoka. Musapitirize popanda iye, ngakhale enawo akakamize, chifukwa akamva kuseka kumbuyo kwake amaphunzira kuti nthano siimufuna. Musamunyengererenso ndi kuponya kwina kwaulere, chifukwa enawo aphunzira kuti kulira kumasintha dayisi. Uzani otsalawo kuti tapuma, ajambule kaye ngwazi zawo kapena akamwe madzi. Inu pitani mukakhale pafupi naye osalankhula zambiri. Musamufotokozere za mwayi ndi manambala, si nthawi yake. Akapuma bwino, mubwezereni nkhani m'manja ndi funso limodzi.

Ulendo wina zitachitikanso, ndinakhala naye pa sitepe paja kwa kanthawi, kenako ndinati, "Ngwazi yako ija yagwera mumtsinje, yamira mpaka pansi. Ine sindikudziwa kuti pansipo pali chiyani. Waonapo chiyani iwe?" Anakhala chete, akupukuta mphuno ndi malaya. Kenako anati pali ng'ona. Mtima wanga unagunda, ndinaganiza kuti akufuna kuti zonse zithe. Koma anapitiriza kuti ng'onayo ndi yokalamba, ilibe mano, ndipo ikufuna wina woti aitafunire chimanga. Anadzuka yekha, n'kukagwada pansi pa mtondo kufunafuna dayisi, uku akuitana achimwene ake kuti abweretse mtedza wotsala uja, ng'ona ili ndi njala.